Tikiti Yowerenga Masiku: Mmene Disney Inatalikitsira Ulendo wa Alendo Ake

Banja lomwe likukonza ulendo wa ku Walt Disney World, kufupi ndi mzinda wa Orlando m'chigawo cha Florida ku America, silichedwa kukumana ndi funso looneka laling'ono: tikakhaleko masiku angati, nanga tikiti tigule ya masiku angati? Ambiri amaliyankha ngati nkhani ya m'nyumba mwawo. Amayang'ana m'thumba, amawerenga masiku a tchuthi omwe apatsidwa kuntchito, amayeza mphamvu za ana ndi miyendo ya agogo. Zonsezi n'zofunikadi, koma funsoli lisanalowe m'nyumba mwawo limakhala litadutsa kale m'maofesi a kampani, komwe lakhala likuumbidwa kwa zaka 70. Mbiri ya tikiti ya Disney ndi mbiri ya kusintha kwa chinthu chogulitsidwa. Poyamba mlendo ankalipira kukwera kamodzi, kenako anayamba kulipira tsiku, pambuyo pake sabata, ndipo lero amalipira deti lenileni la pa kalendala. Kusintha kulikonse kunkakankhira mbali imodzi, yoti mlendo agone usiku winanso m'hotela ya eni paki ndi kudya chakudya chawo. Chifukwa chomwe tsiku lachisanu ndi chiwiri la tikiti limatsikira mtengo kuposa loyamba sichipezeka pa geti la paki. Chimapezeka ku hotela.

Mapaki a zisangalalo a ku America sanayambe ngati malo ogonako. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makampani oyendetsa sitima zamagetsi za m'mizinda ankamanga mapaki komwe njanji zawo zinkathera, kuti anthu azikwerabe sitima Loweruka ndi Lamlungu. Ku Coney Island, mu New York, George Tilyou anatsegula Steeplechase Park mu 1897, ndipo khamu la mumzinda linkapitako masana n'kukagona kwawo. Disneyland, yomwe inatsegulidwa pa 17 Julaye 1955 ku Anaheim m'chigawo cha California, pa maekala pafupifupi 160 omwe kale anali minda ya malalanje, inali yaukhondo ndi yokonzedwa mwaluso kuposa onsewa, koma pa nkhani ya nthawi inali ya mtundu womwewo. Banja la ku Los Angeles linkanyamuka m'mawa pa galimoto n'kubwerera usiku. Munthu wamkulu ankalipira $1 pa geti, ndipo chokwera chilichonse ankachilipira pachokha. Chakacho chisanathe, kampani inatulutsa kabuku ka makuponi olembedwa A, B ndi C malinga ndi kukula kwa chokwera. Kuponi ya D inabwera mu 1956, ndipo ya E mu 1959, chaka chomwe anatsegula phiri la Matterhorn, sitima za pansi pa madzi ndi sitima yoyenda pa njanji imodzi.

Kabuku kameneka kankagwira ntchito yomwe tikiti ya lero siigwira: kankauza mlendo kuti ulendo watha. Makuponi a E akatha, bambo ankayenera kupisanso m'thumba ana akuona, kapena kunena kuti tiyeni tizipita. Kankagawanso khamu, pakuti munthu wokhala ndi makuponi a A ndi B omwe walipira kale ankakwerako tigalimoto takale ta mu Main Street ndi zina zing'onozing'ono, m'malo moti onse aunjikane pa zotchuka zokha. Agogo ongoperekeza adzukulu ankatha kulipira za pa geti basi. Katswiri wa zachuma Walter Oi analemba mu 1971 nkhani yodziwika bwino yofunsa ngati mwini paki yotere angapindule kwambiri pokweza mtengo wa pa geti n'kutsitsa wa zokwera, kapena pochita mosemphana. Funso lake linathera pa geti ndi zokwera. M'chaka chomwecho kampani inali ikuyankha kale funso lalikulu kuposa limenelo, la pogona.

Phunziro la pogona Walt Disney analiphunzira mowawa ku Anaheim. Ndalama zinamuthera pomanga paki, moti hotela yoyamba yokhala ndi dzina la Disneyland, yomwe inatsegulidwa mu Okutobala 1955, anaimanga ndi Jack Wrather, mkulu wa bizinesi ya mafuta ndi mafilimu, ndipo sinakhale ya Disney mpaka mu 1988. Malo ozungulira paki anagulidwa ndi anthu ena. M'mbali mwa msewu wa Harbor Boulevard munamera timahotela, malo odyera ndi zikwangwani zowala, ndipo alendo ochokera kutali ankasiya kumeneko ndalama za chipinda ndi za chakudya. Nkhaniyi imakonda kufotokozedwa ngati ya maso chabe, kuti Walt ankanyansidwa ndi maonekedwe a msewuwo. Ankanyansidwadi, koma kunyansidwa kokha sikufotokoza kukula kwa zomwe anachita pambuyo pake. Mu 1964 ndi 1965, kudzera m'timakampani ta mayina osadziwika kuti eni minda asakweze mitengo, anagula maekala oposa 27,000 a madambo, nkhalango ndi mabusa pakati pa Florida, pa ndalama pafupifupi $5 miliyoni. Paki imodzi sifuna malo ochuluka chonchi. Amagula malo otere ndi munthu amene akufuna kuti mlendo akalowa, hotela ya wina imutalikire. Mu 1967, Walt atamwalira kale, nyumba ya malamulo ya Florida inakhazikitsa Reedy Creek Improvement District, yomwe inapatsa kampani mphamvu zonga za khonsolo pa misewu, madzi, magetsi ndi zomangamanga m'deralo.

Pa 1 Okutobala 1971, paki yoyamba ya m'deralo, Magic Kingdom, inatsegulidwa pamodzi ndi mahotela awiri, Contemporary ndi Polynesian, onse olumikizidwa ndi paki kudzera pa sitima ya njanji imodzi, yomwe imadutsa mkati mwenimweni mwa Contemporary. Mwezi wotsatira anatsegula malo ogona m'matenti a Fort Wilderness. Komabe tikiti inali idakali yachikale: $3.50 pa geti, kenako makuponi. Paki imodzi imatha tsiku limodzi kapena awiri, choncho banja lomwe layenda mtunda wautali kuchokera ku Ohio kapena ku New York linkagawa sabata lake, pang'ono ku Disney, pang'ono ku gombe la nyanja, ku Kennedy Space Center, ku Cypress Gardens, kapena ku SeaWorld yomwe inatsegulidwa ku Orlando mu 1973. Mahotela ambiri a m'zaka zimenezo anamangidwa ndi anthu ena kunja kwa malire, m'misewu ya US 192 ndi International Drive. Kampani inali ndi malo, koma inalibe masiku oti igulitse.

Zinthu zinatembenuka mu 1982. Paki yachiwiri, EPCOT Center, inatsegulidwa pa 1 Okutobala, ndipo m'chaka chomwecho makuponi anathetsedwa ku California ndi ku Florida komwe. M'malo mwake munabwera tikiti yotchedwa pasipoti, yolola munthu kukwera chilichonse maulendo omwe akufuna, ndipo ku Florida kunali ya masiku angapo yolowera mapaki onse awiri. Wina anganene kuti apa mahotela sakukhudzidwa, Disney inangotsatira anzake. Mfundoyi ili ndi mphamvu. Six Flags Over Texas inkalipiritsa kamodzi pa geti chitsegulire mu 1961, Magic Mountain ya kumpoto kwa Los Angeles inachita chimodzimodzi mu 1971, ndipo alendo ankaikonda njirayi. Kusindikiza, kung'amba ndi kuwerenga makuponi kunkadyanso ndalama ndi nthawi ya antchito. Ku EPCOT nako, nyumba zambiri zoonetseramo zinthu zinkathandizidwa ndi makampani monga General Motors, Exxon ndi Kodak, omwe ankafuna kuti anthu azilowa mwaunyinji. Zonsezi zikufotokoza bwino chomwe chinapha kuponi. Sizikufotokoza chifukwa chake wolowa m'malo mwake anali tikiti yomwe mtengo wa tsiku umatsika masiku akamachuluka. Six Flags inkagulitsa tsiku kwa anthu a m'madera oyandikana nayo. Disney inatenga njira yomweyo n'kuimangirira ku paki yachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo mlendo anasiya kudzifunsa kuti ndikwere zingati, n'kuyamba kudzifunsa kuti ndikhale masiku angati. Tikiti yolipiriratu imasinthanso mtima wa munthu. Amene walipira tsiku lathunthu safuna kutuluka masana, ndipo amene walipira masiku anayi safuna kutaya limodzi ku gombe.

Michael Eisner ndi Frank Wells atatenga utsogoleri wa kampani mu 1984, anapeza malo ambiri ali chigonere, zipinda za hotela zili zochepa poyerekeza ndi khamu lobwera. Anakweza mitengo ya pa geti kangapo, n'kuyamba kumanga. Mahotela a Grand Floridian ndi Caribbean Beach anatsegulidwa mu 1988, Yacht Club ndi Beach Club mu 1990, Port Orleans mu 1991, All-Star ndi Wilderness Lodge mu 1994. Ena anali a anthu olemera, ena a apakatikati, ena a mabanja owerengera kandalama kalikonse, kuti yense amene akanagona pa US 192 apeze chipinda cha msinkhu wake mkati mwa mpanda. Mapaki nawo ankabwera: Disney-MGM Studios mu Meyi 1989, malo osambira a Typhoon Lagoon chaka chomwecho, Blizzard Beach mu 1995, Animal Kingdom mu Epulo 1998. Mu 1991 anayambitsa Disney Vacation Club, momwe banja limaguliratu ufulu wogona m'mahotelawo kwa zaka makumi angapo. Apa ndi pomwe otsutsa amanena mawu awo omveka kwambiri: ulendo unatalika chifukwa zoti munthu aone zinachuluka, mapaki anayi sangathe masiku awiri, ndiye tikiti ya masiku ambiri inangotsatira kukula kwa malo. Koma tiyeni tione momwe mapakiwo anabadwira. Disney-MGM Studios inatsegulidwa ili ndi zokwera zochepa kwambiri, kutatsala chaka chimodzi kuti Universal Studios Florida itsegulidwe mu Juni 1990, ndipo alendo ankaitcha paki ya theka la tsiku. Animal Kingdom inamvanso mawu omwewo, pakuti kwa zaka zambiri inkatseka kunja kusanade. Kampani ikanatha kuika zokwera zambiri zatsopano m'mapaki awiri omwe analipo kale. Inasankha kumanga mageti atsopano, chifukwa tikiti imawerenga mageti. Geti lililonse ndi tsiku, ndipo tsiku lomwe banja lapereka ku Studios silipita ku Universal.

Umboni wina ukuchokera komwe njirayi inapunthwa. Euro Disney inatsegulidwa pa 12 Epulo 1992 ku Marne-la-Vallée, kum'mawa kwa Paris, ili ndi paki imodzi yokha koma mahotela asanu ndi imodzi okhala ndi zipinda zoposa 5,000. Alendo anabwera mamiliyoni ambiri. Vuto linali loti paki imodzi sinkawagoneka. Paris ili pa mtunda wa ulendo wa sitima wosakwana ola, ndipo zipinda zambiri zinkakhala zopanda anthu, makamaka m'nyengo yozizira. Ngongole inakula mpaka mu 1994 eni ake anakhala pansi ndi mabanki kuti malowo apulumuke, ndipo paki yachiwiri inatsegulidwa mu 2002. Ku Anaheim nako, mu 2001, kampani inamanga California Adventure pamalo pomwe pankaimikidwa magalimoto, pamodzi ndi hotela ya Grand Californian. Konsekonse mankhwala a zipinda zopanda anthu anali geti lachiwiri.

Njirayi inafika pachimake mu 2005. Mu Januwale chaka chimenecho kunabwera matikiti a Magic Your Way, a tsiku limodzi mpaka masiku 10. Tsiku limodzi linali pafupifupi $60, ndipo masiku atatu oyamba sankatsika kwenikweni, koma munthu akapyola lachinayi ndi lachisanu, tsiku lililonse lowonjezera ankaligula ndi madola owerengeka chabe. Tikiti inkatha mphamvu pakadutsa masiku 14 chiyambire kuigwiritsa ntchito, pokhapokha munthu akalipira ndalama ina, pomwe kale masiku otsala ankasungika mpaka ulendo wina. M'chaka chomwecho inayamba Magical Express, basi yaulere yotenga ogona m'mahotela a Disney kuchokera ku bwalo la ndege la Orlando, katundu n'kukawapeza m'chipinda. Inayambanso ndondomeko yolipiriratu chakudya cha ulendo wonse pamodzi ndi chipinda. Chilichonse mwa zitatuzi, pachokha, chinkaoneka ngati mphatso, ndipo kwa banja lotopa ndi ulendo wa ndege chinalidi chothandiza. Zikaikidwa pamodzi m'pomwe cholinga chimaonekera. Banja lomwe latengedwa ndi basi silichita hayala galimoto, ndipo lopanda galimoto silipita ku Universal, ku sitolo yotsika mtengo kapena ku malo odyera a kunja kwa mpanda. Masiku otsika mtengo aja amafanana ndi banyira pamsika, kungoti awa munthu sangawanyamule kupita nawo kunyumba. Ayenera kuwadyera pomwepo, atalipira chipinda ndi chakudya cha banja lonse, zomwe pa tsiku limodzi zimaposa kutalitali ndalama yomwe wapulumutsa pa tikiti.

Kuti kutalika kwa tikiti kumayezedwa ndi nthawi ya wogula, osati ndi kuchuluka kwa zokwera, kumaoneka bwino tikayerekeza misika iwiri. Ku America kulibe lamulo la dziko lonse lokakamiza olemba ntchito kupereka tchuthi cholipidwa, ndipo tikiti wamba yaitali kwambiri yogulitsidwa kumeneko ndi ya masiku 10. Ku Britain lamulo limapatsa munthu wogwira ntchito masiku asanu pa sabata tchuthi cha masiku 28 pa chaka, ndipo ulendo wa ndege wopita ku Orlando ndi wa maola pafupifupi 9, woti munthu saukwera kuti akakhale masiku atatu. Kumeneko Disney imagulitsa tikiti ya masiku 14, kawirikawiri pa mtengo wa ya masiku 7. Mapaki ndi anayi omwe aja. Zokwera sizichuluka chifukwa choti mlendo wachokera ku Manchester. Chomwe chachuluka ndi masiku omwe ali nawo m'manja, ndipo tikiti imadulidwa molingana ndi masikuwo kuti asatsale oti akawapereke kwina.

M'zaka zotsatira, kukonzekera kwenikweniko kunasanduka chingwe china. FastPass inayamba mu 1999 ngati kapepala kaulere kotengedwa mkati mwa paki, kopatsa munthu ola loti abwerere osaima pa mzere wautali. Pofika 2014, pamodzi ndi chibangili cha MagicBand chomwe chinali kiyi wa chipinda, tikiti ndi chikwama nthawi imodzi, malo a pa mzere anayamba kusungitsidwa pa intaneti: ogona m'mahotela a Disney masiku 60 ulendo usanafike, ena onse masiku 30. Matebulo a m'malo odyera ankasungitsidwa masiku 180 pasadakhale. Munthu amene wasankha miyezi iwiri pasadakhale chomwe adzakwere Lachitatu m'mawa ndi komwe adzadye madzulo ake sadzuka tsikulo n'kuganiza zopita ku gombe. Mu 2015 tikiti ya tsiku limodzi ya Magic Kingdom inapyola $100, mu 2016 mtengo wa tsiku limodzi unayamba kusintha malinga ndi nyengo, ndipo kuyambira mu Okutobala 2018 tikiti wamba inamangiriridwa ku deti loyambira. Ya masiku 4 iyenera kutha mkati mwa masiku 7, ya masiku 10 mkati mwa masiku 14. Masiku apakatiwo ndi opumira, ndipo ndi abwino kwa mwana wotopa, koma nawonso ndi usiku wa m'hotela.

Pali chitsutso chomwe sindingachipeputse. Palibe amakakamizidwa, ndipo phindu logona pafupi ndi lenileni. Kutentha kwa Florida mu Julaye n'koopsa, ndipo mayi wokhala ndi mwana wa zaka zitatu amene angathe kubwerera kuchipinda masana, mwana n'kugona, madzulo n'kulowanso m'paki, wagula chinthu chamtengo wake. Ulendo wa masiku asanu ndi limodzi woyenda modekha umaposa wa masiku atatu wothamanga kuyambira m'bandakucha mpaka pakati pa usiku, ana akulira pa mzere. Ndikuvomereza zonsezi, ndipo n'chifukwa chake njirayi yakhalitsa: ikanakhala yongofinya anthu, bwenzi mabanja atasiya kubwerera. Koma kuvomereza kuti katundu ndi wabwino sikutanthauza kuti mndandanda wa mitengo ukunena zonse. Mndandandawo umaonetsa mtengo wa tsiku ukutsika, ndipo maso a wogula amatsatira nambala yomwe ikutsikayo. Suonetsa pambali pake mtengo wa usiku, womwe sutsika motero. Banja lomwe layamba ndi tikiti limapezeka latalikitsa ulendo kuti lisaphonye masiku otchipa. Lomwe layamba ndi kuwerenga usiku womwe lingakwanitse, kuphatikizapo tsiku lofika ndi lonyamuka omwe kawirikawiri sakhala athunthu, limapezeka likufuna tikiti yaifupi kuposa yomwe mndandanda ukulikopera. Kusiyana kwa mabanja awiriwa ndiko kwadzaza mahotela oposa 20 omwe Disney ili nawo lero pamalopo.

Ena amati zonsezi ndi zakale, pakuti chichitikire mliri wa COVID-19 kampani yachotsa zambiri zomwe inkakokera nazo anthu. N'zoona kuti mapaki atatsekedwa mu Malichi 2020 n'kutsegulidwanso mu Julaye, zinthu sizinabwerere mwakale. FastPass yaulere inalowedwa m'malo ndi Genie+ yolipira mu Okutobala 2021, maola owonjezera olowera m'paki a ogona m'hotela, kwa ambiri, anasanduka mphindi 30 za m'mawa, ndipo Magical Express inaima kumayambiriro kwa 2022. Izi zikusonyeza kuti kampani inaona kuti ikhoza kudzaza zipinda popanda kupereka zambiri zaulere, komanso kuti magalimoto oitanitsa pa foni anali atabowola kale mpanda womwe basi ija inkateteza. Sizikusonyeza kuti mgwirizano wa tikiti ndi chipinda watha. Pa Lightning Lane Multi Pass, njira yosungitsira malo a pa mzere yomwe inayamba mu Julaye 2024, wogona m'hotela ya Disney amasungitsa malo masiku 7 asanafike, wogona kunja masiku 3. Ndipo mdani wamkulu wa Disney akuyenda m'mapazi omwewo. Universal, yomwe kwa zaka zambiri inkangolandira tsiku limodzi kapena awiri otsala pa sabata la Disney, inakula ndi Islands of Adventure mu 1999 ndi dera la Harry Potter mu 2010, kenako pa 22 Meyi 2025 inatsegula paki ya Epic Universe, yomwe inabwera ndi mahotela atatu atsopano, ina mwa iwo, Helios Grand, ili ndi khomo lakelake lolowera m'paki. Matikiti oyamba omwe anthu wamba anagulitsidwa sanali a tsiku limodzi. Anali a masiku atatu kapena kuposerapo, ndipo mwa masikuwo limodzi lokha ndilo linali la paki yatsopanoyo, otsalawo a mapaki akale a Universal.